Pepala Limodzi, Malo Ambili: Kumene Mapulagini Osanja Manotsi Anacokela

Manotsi akakhala ocepa, palibe vuto. Koma akafika mahandiledi pa foni kapena pa laputopu, nthawi yambili imathela pa kusakila zimene munalemba kale. Ndiye cifukwa cake anthu amafaka mapulagini, tumapulogalamu tung'onotung'ono towonjezela pa pulogalamu ya manotsi, kuti mafailo azipezeka msanga. Mapulagini ni atsopano, koma vuto limene amalimbana nalo linayamba kalekale makompyuta athu asanabwele.

Foda inayambila mu ofesi: cikuto ca mapepala cimene kalaliki anali kuika m'kabati. Akatswili a makompyuta anatenga nzelu imeneyo. Mu 1965 opanga Multics ku America anafotokoza njila yoika foda mkati mwa foda ina, ndipo Unix inatengela pamenepo. Mu 1981 kompyuta ya Xerox Star inaonetsa foda monga kacithunzi pa sikilini, ndipo Macintosh ya mu 1984 inafikitsa kacithunziko kwa anthu ambili. Koma foda inabwela pamodzi na lamulo la m'kabati, lakuti pepala limodzi likhale pamalo amodzi. Manje ganizilani notsi yokamba za mtengo wa unga. Kodi ilowe mu foda ya zacuma, ya ulimi, kapena ya ndale? Ikwana monse, koma foda ifuna kuti musankhe imodzi cabe.

Vannevar Bush, injiniya wa ku America, anadandaula za vuto limeneli mu July 1945 m'magazini ya The Atlantic Monthly. Iye anakamba kuti maganizo a munthu sayenda monga kabati, koma amalumpha kucoka pa cinthu cimodzi kupita pa cina cogwilizana naco. Anafotokoza makina ochedwa memex, amene akanalola munthu kumanga kanjila pakati pa zolemba ziwili. Makinawo sanapangidwe, koma ganizo lake silinafe.

Ku Germany, Niklas Luhmann anacita zofanana na mapepala cabe. Pulofesa ameneyu wa pa yunivesiti ya Bielefeld, amene anamwalila mu 1998, anasiya tumapepala pafupifupi 90,000 m'mabokosi a matabwa. Kapepala kalikonse kanali na nambala yake yosasintha. Ganizo latsopano likabwela, anali kuika kapepala kake kumbuyo kwa kamene kanaliyambitsa, n'kulembapo manambala a tumapepala twina togwilizana nako. Conco kapepala kanali kukhala pamalo amodzi, koma njila zofikila pa iko zinali zambili.

Mapulogalamu anayesa njila zonse ziwili. Mu 1995 Ward Cunningham anayambitsa wiki yoyamba, mmene tsamba lililonse linali kulumikizana na lina kudzela m'malinki. OneNote ya Microsoft, ya mu 2003, inatengela buku la kusukulu lokhala na zigawo na masamba. Evernote, imene inachuka kuyambila mu 2008, inali na mabuku komanso matagi, kuti notsi imodzi izipezeka pansi pa mitu ingapo. Koma kasanjidwe kanali m'manja mwa kampani. Ngati simunakonde mmene mndandanda wa manotsi unali kuonekela, munali kungoyembekezela kuti eni ake asinthe.

Obsidian, imene Shida Li na Erica Xu anatulutsa mu 2020, inayenda mosiyana. Manotsi ake ni mafailo wamba a Markdown, kalembedwe kosavuta kamene John Gruber anayambitsa mu 2004, ndipo amakhala mu foda pa cipangizo canu. Mungawatsegule olo mulibe bandulo. Mbali yoonetsa mafailo inali yosavuta maningi: mafoda kumanzele, osanjidwa mwa dzina kapena mwa deti. Kumapeto kwa caka comweco opanga ake analola anthu ena kulemba mapulagini, ndipo pofika mu 2025 anali atapitilila 2,000.

Mukayang'ana mapulagini osanja mafailo, muona kuti iliyonse iyankha dandaulo lakale. Recent Files imaonetsa manotsi amene mwatsegula posacedwa, cifukwa nthawi zambili munthu amakumbukila kuti anagwila cinthu dzulo koma osakumbukila dzina lake. File Tree Alternative inagawa mafoda mbali ina na mafailo mbali ina, monga mmene anthu anazolowela mu Evernote. Folder Notes imapatsa foda tsamba lakelake lofotokoza zili mkati. Tag Wrangler imasintha dzina la tagi m'manotsi onse nthawi imodzi, nchito imene ingakuthelei tsiku lonse mukamacita na manja. Omnisearch imasakila mau mkati mwa manotsi n'kuika pamwamba amene agwilizana kwambili na zimene mufuna.

Dataview ndiyo inapita patali kuposa onse. M'malo mosuntha notsi kuipeleka mu foda, mumalemba funso, mwacitsanzo lakuti ionetse manotsi onse a kosi yakutiyakuti amene simunawamalize, ndipo imakupangilani tebulo. Notsi ya mtengo wa unga ingaonekele pa tebulo la zacuma, la ulimi na la ndale, koma failo n'kukhala imodzi. Dandaulo la Bush linayankhidwa patapita zaka zoposa 75, na anthu olemba mapulogalamu pa nthawi yawo yopuma. Anthu anaikonda kwambili nzeluyi, ndipo mu 2025 Obsidian inatulutsa Bases, mbali yakeyake yopanga matebulo kucokela m'manotsi.

Koma ufulu umenewu uli na mtengo wake. Mapulagini ambili amalembedwa na munthu mmodzi wosalipidwa. Akapeza nchito ina kapena akalema, pulagini imatsala yopanda woikonza, ndipo pulogalamu ikasintha ingaleke kuseŵenza. Komanso pulagini imatha kuŵelenga na kusintha mafailo anu onse. N'cifukwa cake Obsidian imabwela mapulagini a anthu ena ali otsekedwa, mpaka imwe mwekha mutawatsegula. Tebulo la Dataview nalonso silinalembedwe m'failo. Cimene cilimo ni funso cabe. Pulagini ikacoka, tebulo lasoŵa, koma manotsi amatsala.

Kusiyana kumeneku kunaonekela bwino mu December 2023, pamene Evernote, itagulidwa na kampani ya ku Italy ya Bending Spoons, inaika malile kwa osalipila: manotsi 50 na buku limodzi. Amene anali na ambili anali kukwanitsa kuwaŵelenga na kuwatulutsa, koma kulemba atsopano kunafuna ndalama. Ambili anasamuka, ndipo anapeza kuti kusamutsa mau n'kosavuta kuposa kusamutsa dongosolo limene anamanga kwa zaka.

Conco musanafake pulagini yatsopano, dzifunseni kuti cidzatsala n'ciani mukaicotsa. Dzina lomveka la failo, tagi yolembedwa mkati mwa notsi, na linki yopita ku notsi ina zimakhala m'failo momwemo, ndipo pulogalamu iliyonse yoŵelenga mau ingazione. Manambala a Luhmann akali kuseŵenza mpaka lelo cifukwa anawalemba pa kapepala penipeni, ndipo ofufuza a ku Bielefeld akuwatsatila poika tumapepala twake pa intaneti.