Zoteteza zipangizo zotenthetsera fodya kuti zisayake zokha

Zipangizo zotenthetsera fodya ndi timakina ta batire timene timatenthetsa kandudu kakafupi ka fodya m'malo mokayatsa moto. Ndudu wamba ikamayaka imatentha kupitirira madigiri 600, pamene zipangizozi zimafika madigiri pafupifupi 350. Ngakhale zili choncho, kutenthaku n'kokwanira kuwotcha khungu, kusungunula pulasitiki kapena kuwononga batire ngati chipangizo chayamba kugwira ntchito m'thumba kapena m'chikwama mwiniwake asakudziwa. N'chifukwa chake amazipanga ndi zoteteza zosiyanasiyana.

Mbiri

Kampani ya Philip Morris International inayamba kugulitsa IQOS mu 2014 m'mizinda ya Nagoya ku Japan ndi Milan ku Italy. British American Tobacco inatulutsa glo mumzinda wa Sendai mu 2016, ndipo Japan Tobacco imapanga Ploom. IQOS inafika ku South Africa mu 2017. Zipangizozi n'zosiyana ndi ndudu zamagetsi zotchedwa vape, zimene zimatenthetsa madzi okhala ndi nikotini, koma zonse zimayendera mabatire a lithium.

Kuopsa kwake

Batire la lithium limasunga mphamvu zambiri m'kanthu kakang'ono. Likatentha kwambiri, likabooka kapena nsonga zake zikakhudzana ndi chitsulo monga makiyi ndi ndalama zachitsulo, kutentha kwa m'kati kumakwera mofulumira mpaka limaphulika kapena kuyaka. Lipoti la mu 2017 la bungwe loona za ngozi za moto ku United States, la U.S. Fire Administration, linapeza ngozi 195 za moto ndi kuphulika kwa ndudu zamagetsi kuyambira mu 2009 mpaka 2016, ndipo zina mwa izo zinachitika chipangizo kapena batire lili m'thumba. Lipotili linkanena za vape, koma vuto la batire ndi lomwelo.

Mitundu ya zoteteza

Choteteza chofala kwambiri ndi batani lofuna kulidina n'kuligwira kwa masekondi angapo. Likangokhudzidwa pang'ono m'thumba, palibe chimene chimachitika. Pa vape zambiri munthu amadina batani kasanu mofulumira kuti ayatse kapena kuzimitsa, chinthu chovuta kuchitika mwangozi.

Chachiwiri ndi chivundikiro. Ploom X, imene inatuluka mu 2021, ili ndi kachitseko kosesereka pamwamba pa bowo lolowetsera fodya, ndipo siyamba kutentha kachitsekoko kali kotseka. Pa mitundu yambiri ya IQOS, kandodo kotenthetsera kamasungidwa m'kabokosi kotchajira, choncho batani lake silikhudzidwa.

Chachitatu ndi kuzindikira fodya. IQOS ILUMA, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2021, ilibe kampeni kotenthetsera kamene kanali m'mitundu yakale. Imagwiritsa ntchito mphamvu ya maginito kutenthetsa kachitsulo kamene kali m'kati mwa kandudu. Popanda kanduduko palibe chimene chingatenthe.

Chachinayi ndi kuzima chokha. IQOS imazima pakatha pafupifupi mphindi 6 kapena munthu akakoka ka 14, moti ngakhale itayaka mwangozi, kutenthako sikupitirira. M'kati mulinso timasensa toyeza kutentha ndi kadera ka magetsi koteteza batire, kamene kamadula magetsi batire likadzaza kapena likatentha mopitirira muyeso. Zipangizo zambiri zimanjenjemera ndi kuyatsa timagetsi zikayamba kutentha kuti mwiniwake adziwe.

Pali zinanso zimene zimakhomedwa kotheratu podina mabatani motsatira dongosolo lapadera kapena kudzera pa foni. Loko wotereyu amathandiza pa ulendo komanso pakhomo pamene pali ana.

Malamulo a pandege

Mu 2015 bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO linaletsa kuika zipangizo zosutira za batire m'zikwama zopita kunsi kwa ndege, komanso kuzitchaja ndege ili paulendo. Chifukwa chake n'chakuti moto ukabuka kumalo a katundu, palibe amene angauone msanga. Wokwera amayenera kuzinyamula m'chikwama cha m'manja ndi kuonetsetsa kuti sizingayake zokha. Lamuloli limakhudzanso okwera ndege ku Chileka ndi ku Kamuzu International Airport.

Ku Malawi

Malawi ndi limodzi mwa mayiko olima fodya wa Burley wambiri padziko lonse, ndipo alimi a m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo a ku Phalombe, amagulitsa fodya wawo kumsika wa Limbe. Komabe zipangizo zotenthetsera fodya si zofala m'madera monga Chiringa, kumene osuta ambiri amagula ndudu kapena kupichira chingambwe. Mabatire a lithium okha ndiwo ali ponseponse, m'mafoni, m'matochi ndi m'mapawabanki, ndipo ambiri amatchajitsa m'mashopu a pamsika. Malangizo ake ndi amodzi: kusasiya chipangizo padzuwa kapena m'galimoto yotseka nthawi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kugwiritsa ntchito tchaja yoyenera, kusiya batire lotupa, ndi kusataya batire pamoto wa zinyalala.

Malire a zoteteza

Zoteteza zimenezi zimachepetsa ngozi ya moto basi, sizichotsa kuopsa kwa fodya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti fodya wotenthetsa amatulutsa nikotini ndi zinthu zina zapoizoni. Mu 2018 mayiko a m'pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya anagwirizana kuti fodyayu aziwerengedwa pamodzi ndi fodya wina aliyense. Malawi inalowa m'panganoli mu 2023. Tindudu take n'toopsanso kwa ana, chifukwa mwana akameza kamodzi amameza nikotini, ndipo ta ILUMA tili ndi kachitsulo kamene kangamuvulaze m'mimba.