Mkangano pa Mlembi wa Uthenga Wabwino wa Yohane

Uthenga Wabwino wachinayi sutchula dzina la mlembi wake, umangonena za wophunzira amene Yesu ankamukonda. Cha m'ma 180, Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, analemba kuti wophunzirayo anali Yohane, yemwe anaulemba ali ku Ephesus, ndipo mpingo unagwiritsitsa mfundoyi kwa zaka mazanamazana. Mu 1820 Karl Bretschneider wa ku Germany anaikayikira poyera, kenako Ferdinand Christian Baur anati bukuli linalembedwa mtumwiyo atamwalira kalekale. Maganizo a Baur anafooka mu 1935, pamene akatswiri analengeza za kachidutswa kakale kwambiri ka bukuli, kopezeka ku Egypt, kolembedwa pa gumbwa, chomera chimene akale ankapangira mapepala. Komabe umboni wofunikawu umathandiza pa nkhani ya nthawi yokha, pakuti kachidutswako sikatchula mlembi.