Tanthauzo la Mawu Akuti "Sikelo"

Munthu akamva mawu akuti sikelo, mtima wake uthamangira kumsika kumene apimirako nyama, kapena kuchipatala kumene amayi apita ndi makanda awo. Koma pakati pa amisiri okonza tindege ta helikopita touluka molamulidwa ndi wailesi, mawuwa anena za muyeso wa kufanana, ndiko kuti kanthu kakang'ono kalingane ndi chachikulu m'ziwalo zake zonse. Chotero pa sikelo ya 1 pa 10, thupi la helikopita la mamita 12 lisanduka la masentimita 120, ndipo zitseko, mazenera ndi mchira zichepa chimodzimodzi.

Komatu chigoba chotere, chimene kawirikawiri chiumbidwa ndi fiberglass m'chifanizo cha helikopita ya Bell UH-1 kapena Hughes 500, sichilandira makina mwaulemu ayi. Mmisiri ayenera kuchisema mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha: aboole pobisika kuti mota ipitidwe mphepo, akuze bowo la pamwamba kuti tindodo toyendetsa mapiko tisakhudze m'mphepete, ndipo asunthe batire kufikira kandegeko, akakanyamula pogwira pakati pa mapiko, kalendewera kosapendekera kutsogolo kapena kumbuyo.