Timakwera Mpweya

Sabata yatha tayala la njinga yanga linaphwa ndili pakati pa ulendo. Ndinaikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe pamakhala bambo wina wokonza njinga. Anasolola chubu, n'kuchipopa pang'ono, n'kuchiviika m'beseni la madzi akuda bii. Tinadikira. Kenaka kathovu kanayamba kutumphuka pamalo amodzi.

"Mwaona, achimwene? Kaminga chabe," anatero akukwecha chubucho kuti amatepo chigamba. "Anthu mumati mwakwera njinga, koma kunena zoona mumakwera mpweya."

Ndinaseka, koma mawuwo sanandichoke m'mutu. Kaya ndi kabaza, kaya minibasi, kaya lole yodzaza ndi feteleza, chimene chimasenza katundu yense uja ndi mpweya wotsekeredwa. Ndiye ndani anayamba kuganiza zoutsekera? Nkhani yake ndi yokoma, koma ili ndi mbali yowawa yomwe sitiuzidwa kawirikawiri.

Tiyambe ndi mphira. Mphira ndi utomoni wa mtengo, ndipo ukakhala wosakonzedwa ndi wovuta kugwiritsa ntchito. Kukatentha umanyenyeta n'kumamata, kukazizira umauma gwaa n'kumathetheka. Munthu wina wa ku America, Charles Goodyear, anataya zaka zambiri ndi chuma chake chonse akulimbana ndi vuto limeneli. Mu 1839 anapeza kuti ukasakaniza mphira ndi sulufule n'kuutenthetsa, umalimba koma n'kumatamukabe, ndipo suopanso dzuwa kapena chisanu. Analandira chiphaso cha umwini wa nzeruyi mu 1844. Kodi analemera? Ayi ndithu. Anamwalira mu 1860 ali ndi ngongole zosaneneka. Kampani ya Goodyear yomwe mumaiona pa matayala inayamba mu 1898, mwini dzina atagona kale zaka 38.

Matayala oyamba a mphira anali ogwirana, opanda mpweya m'kati. Tangoganizani kupalasa njinga yotero pamsewu wa miyala: mano amachita kugundana. Umu ndi mmene zinalili ku Belfast mu 1887, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wochokera ku Scotland, ankaona mwana wake wamwamuna akuvutika pa kanjinga ka matayala atatu. Bamboyu anatenga mphira wopyapyala, n'kuupanga chubu, n'kuchipopa, n'kuchikuta ndi nsalu yolimba pa gudumu la thabwa. Pofuna kuyesa, anagubuduza gudumu lakelo pabwalo la nyumba pamodzi ndi tayala logwirana lija. Logwiranalo linagwa msanga, la mpweya linapitirira.

Chifukwa chake n'chosavuta. Tayala logwirana likakumana ndi kamwala, gudumu lonse limadumpha, ndipo mphamvu ya wopalasa imathera m'kudumphako. La mpweya limangofinyika, n'kukameza kamwalako, n'kupitirira. Dunlop analandira chiphaso mu 1888. Chaka chotsatira, wopalasa njinga wina dzina lake Willie Hume anapambana mipikisano ku Belfast komweko pa matayala a mpweya, ndipo amene ankaseka matayala onenepawo anayamba kuwafuna.

Koma pali kanthu kena. Patangopita zaka zochepa, Dunlop anauzidwa kuti chiphaso chake chilibe mphamvu. Munthu wina wa kwawo ku Scotland, Robert William Thomson, anali atalembetsa kale nzeru yomweyo mu 1845, ali mnyamata wa zaka 23. Anayesa matayala ake pa ngolo zokokedwa ndi akavalo mu London ndipo anagwira ntchito. Vuto linali lakuti anali okwera mtengo, ndiponso nthawi imeneyo kunalibe khamu la apanjinga kapena agalimoto oti n'kuwagula. Nzeru inafika msika usanafike, basi inaiwalika.

Tayala la Dunlop linalinso ndi chilema chake: ankalimata pa limu. Likabowoka, inali ntchito ya maola ambiri. Ena mwa amene anathetsa vutoli ndi abale awiri a ku Clermont-Ferrand ku France, André ndi Édouard Michelin. Mu 1891 anapanga tayala lotheka kuchotsa ndi kubwezera, ndipo chaka chomwecho Charles Terront anapambana nalo mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Brest ndi kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200. Mu 1895 abale aja anaika matayala a mpweya pa galimoto. Ndiye bambo wa pansi pa mango akamasolola chubu m'mphindi ziwiri, akugwiritsa ntchito nzeru yomweyo ya tayala lotheka kuchotsa ndi kubwezera.

Apa mpomwe nkhani imasanduka yowawa. Njinga zitachuluka ku Ulaya ndi ku America, mphira unasanduka golide. Minda ya mitengo ya mphira ya ku Asia, yomwe inachokera ku mbewu pafupifupi 70,000 zimene Henry Wickham anatenga ku Brazil mu 1876, inali isanayambe kubereka mokwanira. Mphira wambiri unkachokera m'nkhalango, ndipo imodzi mwa nkhalangozo inali ya ku Congo, dziko lomwe Mfumu Leopold II ya ku Belgium inalitenga ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908. Mudzi uliwonse unkapatsidwa mlingo wa mphira woti ubweretse kuchokera ku zilambe zam'tchire. Ukalephera, asilikali ankagwira akazi ukapolo, kutentha nyumba, kupha anthu ndi kudula manja. Anthu mamiliyoni anatha m'zaka zimenezo chifukwa cha kuphedwa, njala ndi matenda.

Pali chithunzi chomwe mmishonale Alice Seeley Harris anajambula mu 1904. Bambo wina dzina lake Nsala wakhala pakhonde, akuyang'ana kadzanja ndi kaphazi ka mwana wake wamkazi, Boali. Mudzi wawo sunakwanitse mlingo. Nditachiona koyamba pa foni ndinazimitsa kaye. Bambo mmodzi ku Belfast ankafuna kuti mwana wake asapwetekedwe ndi miyala ya mumsewu. Bambo wina ku Congo anatsala ndi zimenezo. Sindikunena kuti Dunlop ndiye anadula manja, iyayi. Ndikungoti tikamatchula mayina a anthu a mbiri ya tayala, dzina la Nsala lisamasowe.

Akatswiri anapitirizabe kusintha zinthu. Mwina simudziwa kuti matayala akale anali oyererako. Kuda komwe tikuonaku kunabwera cha m'ma 1910, atapeza kuti kuthira mwaye wosalala kwambiri mu mphira kumachititsa kuti tayala lisamaperepeseke msanga. Mu 1947 kampani ya B.F. Goodrich inalengeza tayala lopanda chubu, lomwe likabayidwa ndi msomali limaphwa pang'onopang'ono m'malo mophulika.

Kusintha komwe ine ndimakusirira kwambiri n'kwa m'kati, kosaoneka. Tayala si mphira wokha. Lili ndi nthambo zomwe zili ngati mafupa ake. Kale nthambozi ankaziyala mopingasa, zina pamwamba pa zinzake, ngati mmene timalukira mkeka. Galimoto ikathamanga zinkakhulana, tayala n'kutentha, n'kutha msanga. Injiniya wa ku Michelin, Marius Mignol, anayesa kuziyala molunjika kuchokera mbali imodzi ya limu kukafika mbali inayo, ndipo pansi pa mapondero anaikapo lamba wa mawaya achitsulo. Zotsatira zake, m'mbali mwa tayala mumafewa, pomwe popondera pamakhala phwatalala pansi. Tayala lotere limakhalitsa, limagwira msewu, ndiponso silidyetsa mafuta ambiri. Chiphaso chake chinalembetsedwa mu 1946. Mukadzaona zolemba ngati 185/70 R14 m'mbali mwa tayala, R ameneyo akuimira radial, kayalidwe ka nthambo kameneka. 185 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, ndipo 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi.

Pali manambala enanso anayi omwe ndikufuna muzikawafufuza, makamaka inu ogula matayala a kaunjika. Amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Akalemba 2319, ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mphira umakalamba ngakhale mapondero akuoneka abwino. Ndipo kumbukirani kuti malo omwe tayala la galimoto limakhudza pansi ndi aakulu ngati chikhatho chanu basi. Moyo wa anthu onse ali m'galimoto umadalira zikhatho zinayi zimenezo.

Kwathu kuno mphira sitiuona patali. Ukamadutsa ku Vizara, pafupi ndi Nkhata Bay, umaona mitengo yochekedwa m'makungwa, utomoni woyera ukudonthera m'tizikho, ndi ana akugulitsa mipira yodumpha m'mbali mwa msewu. Ndipo tayala likatha sititaya: chubu chimasanduka malegeni omangira makala, tayala limasanduka nsapato kapena chiwiya chomwera nkhuku.

Bambo uja atamaliza kumata anapopa, n'kudina tayala ndi chala chachikulu, n'kugwedeza mutu.

"Lakhuta tsopano. Koma lakumbuyoli likuoneka nthambo, bwana. Musadikire kuti likugwetseni."

Ndinalipira, ndinakwera, ndipo Loweruka ndinakagula latsopano.