Zida za bakiteriya wa chibayo mwa mbewa za mu labotale

Streptococcus pneumoniae, bakiteriya woyambitsa chibayo, ali ndi zida zomuthandiza kugonjetsa thupi. Zambiri mwa zidazi akatswiri anazizindikira poyesa pa mbewa.

Chida chachikulu ndi chikopa choterera chopangidwa ndi mtundu wa shuga, chimene chimakuta bakiteriyayu kuti maselo oyera a magazi alephere kumumeza. Mu 1928 Frederick Griffith wa ku Britain anaona kuti mbewa zobayidwa bakiteriya wachikopa zinkafa, koma zobayidwa wopanda chikopa zinkakhala bwinobwino. Chodabwitsa chinali chakuti atasakaniza wachikopa wophedwa ndi kutentha ndi wamoyo wopanda chikopa uja, mbewa zinafa ndithu, ndipo m'magazi mwake munapezeka bakiteriya wamoyo wachikopa. Mu 1944 Oswald Avery ndi anzake ku New York anasonyeza kuti chimene chinasamutsa khalidwe lopanga chikopa kupita kwa bakiteriya wamoyo uja ndi DNA.

Chida china ndi poizoni wa pneumolysin, amene amaboola maselo a m'mapapo. Mbewa zopatsidwa bakiteriya wopanda poizoniyu zimachedwa kufa.

Zikopa za bakiteriyayu zilipo mitundu yoposa 90. Katemera wa PCV13, amene ana a ku Malawi anayamba kulandira mu 2011, amalimbana ndi 13 yokha.