Nyimbo za Banjo ndi Gitala pa Cidikha ca Kasungu

Mbiri ya dziko silembedwa m'mabuku mokha ai. Yina isungidwa m'nyimbo, makamaka mbiri ya anthu wamba amene maina ao sanalowe m'makalata a Boma. Pa cidikha ca Kasungu, pamene fodya anasonkhanitsa anthu a zinenero zambiri, nyimbo za pakati pa 1945 ndi 1990 zinayenda pamodzi ndi anthu ofuna nchito, ndipo wozitsata bwino apeza njira zimene anthuwo anayendamo.

Kuyambira kale Acewa a ku Kasungu anali ndi nyimbo zao. Akazi ankatula madandaulo a m'banja pamtondo, nabvina cimtali pabwalo. Amuna ankayimba bangwe, ndipo pambuyo pace analandira mganda, gule wotsanzira perete wa asilikali.

Zoyimbira zacilendo zinafika ndi njira zitatu. Yoyamba inali nkhondo. Asilikali a King's African Rifles, pobwera kwao itatha nkhondo mu 1945, anadza ndi mayimbidwe amene anamva kunja. Yaciwiri inali ulendo wa ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg. Amuna obwerako ankanyamula gitala, banjo kapena galamafoni ndi mbale zace. Koma ena sanabwerenso, nasanduka machona, ndipo akazi osiyidwa anawayimba pamtondo. Yacitatu inali wailesi. Mu 1949 kunafika kawailesi kotsika mtengo kochedwa Saucepan Special, ndipo anthu anayamba kumvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankayimba m'Cinyanja ndi m'Cibemba. M'zaka zomwezo abale a Paseli anachuka ndi nyimbo ya Napolo, yokumbutsa cigumula cimene cinaononga Zomba mu 1946.

Anyamata osowa ndalama zogulira banjo sanagwe mphwayi. Anatenga citini, cikopa ca mbuzi, mtengo wosema ndi mawaya a njinga, nadzipangira okha. Motero coyimbira cacilendo cinasanduka ca pamudzi, ndipo cinayamba kulankhula za njala, za ukwati ndi za msonkho.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC inafalitsa oyimba a m'dziko momwemo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anamveka ndi kwela, mayimbidwe a kacitoliro ocokera ku South Africa. Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo, anamveka ndi banjo yace. M'zaka za m'ma 1970 minda yaikuru ya fodya inacuruka ku Kasungu, ndipo dziko limene kale linkatumiza amuna kunja linayamba kulandira alendo. Matenanti ambiri anacokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene malo olima anali atacepa. Kwa anthu otere, posoka fodya m'zigafa kutali ndi abale, mau a Namoko pa wailesi anali ngati kalata yocokera kumudzi.

Koma woyimba wa masiku amenewo sankalankhula poyera. Lamulo la 1968 linapatsa Boma mphamvu zoletsa nyimbo, ndipo wodandaula ankabisa mau ace m'zining'a ndi m'miyambi. Cifukwa cace nyimbo yooneka ngati ya mkangano wa m'banja iyenera kumvedwa kawiri.

Zina mwa nyimbo zakale zinapulumuka. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 akujambula oyimba a m'midzi, ndipo zimene anajambulazo zisungidwa ku Rhodes University. Komabe zimenezo ndi dontho cabe, pakuti nyimbo zambiri za pamtondo ndi za m'zigafa zinatsala m'mitima ya eni ace, amene tsopano akalamba.

Apa mpamene pali nchito ya mphunzitsi. Atume ana akafunse agogo ao nyimbo imodzi imodzi, alembe mau ace monga momwe anenedwera, osakonza cinenero, alembenso kumene woyimbayo anaiphunzira, nyengo yace ndi tanthauzo lace lobisika. Kabuku kotere kathandiza pophunzitsa Cicewa ndi mbiri yomwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma nkhalamba ikamwalira isanafunsidwe, nyimbo zace zipita nayo kumanda.