Matenda a ku Strathpeffer ndi mapazi a okalamba

Kumpoto kwa Scotland, pafupi ndi tauni ya Dingwall, kuli mudzi wotchedwa Strathpeffer. M'zaka za m'ma 1800 mudziwu unatchuka ndi akasupe a madzi onunkha sulufa, ndipo njanji itafikako mu 1885, anthu opeza bwino ankakhamukirako kukamwa ndi kusamba madziwo kuti nyamakazi iwasiye. Dokotala wina wa m'deralo, William Bruce, poona odwala ochulukawo anazindikira kuti ena matenda awo ndi osiyana. Mu 1888 analemba mu British Medical Journal za abambo asanu achikulire omwe thupi linkawaphwanya ndi kuwauma koopsa, koma patapita nthawi n'kuchira. Iye anawayesa mtundu wina wa gout.

Dzina la matendawa loti polymyalgia rheumatica linadza mochedwa, mu 1957, kuchokera kwa dokotala wa ku England, Stuart Barber. Apa n'kuti mankhwala atapezeka kale. Mu 1948 Philip Hench wa ku Mayo Clinic ku America anayamba kupatsa odwala nyamakazi cortisone, ndipo m'ma 1950 kunabwera prednisolone, yemwe akugwiritsidwabe ntchito lero. Munthu wa zaka zoposa 50, kawirikawiri mayi, amene m'mawa samatha kukweza mikono kapena kudzuka pabedi, akayamba kumwa mamiligalamu 15 patsiku amasintha m'masiku ochepa chabe. Madokotala anazolowera kuyang'ana mapewa, khosi ndi chiuno, poti m'menemo ndi momwe matendawa amadziwikira. Mapewa akamasuka, nkhani inkaoneka ngati yatha.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba kuno ku Scotland, ndipo wosamalira ndiye amagwada n'kuvula munthu sokosi. Mayi wina wodwala matendawa yemwe ndinkamusambitsa anayambiranso kupesa yekha tsitsi sabata yoyamba ya mankhwala, banja lonse n'kusangalala. Koma nsapato zinakana kulowa. Ndikadinikiza chala pamwamba pa phazi lake, pankatsala kadzenje kosafulumira kubwerera. Sokosi inkasiya mzera wakuya pamwamba pa akakolo. Zikhadabo zinali zitakula mpaka kupindika, chifukwa miyezi yonse ija chiuno chili chouma sankatha kuwerama kuti awenge, ndipo anachita manyazi kuuza ana ake. Khungu nalo linayamba kupyapyala ngati la anyezi, moti nsapato ikangokhula pang'ono, bala lake linkatenga milungu kuti lipole. Ndikamufunsa ankangoti, "Ndi ukalamba, mwananga." Zinkandiwawa mumtima, chifukwa sunali ukalamba wokha.

Mabuku a zachipatala anachedwa kufika kumapazi. Mu 1985 Daniel McCarty ku America anafotokoza za okalamba otupa manja ndi mapazi mwa mtundu womwewu wosiya kadzenje, ndipo mu 1996 Carlo Salvarani ndi anzake anasonyeza kuti kutupa kotere kumachitikanso mwa odwala polymyalgia rheumatica. Kuchokera pa Bruce panali patadutsa zaka zoposa 100.

Vuto lina limachokera ku mankhwala enieniwo. Prednisolone amamwedwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ena kupitirira apo. Amasunga madzi m'thupi, amafooketsa mafupa, amatha kudzutsa matenda a shuga, ndipo shuga amadya mitsempha ya kumapazi mpaka munthu osamva kuti walasidwa. Kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi n'koopsa. Amachepetsedwa pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira. N'chifukwa chake ndikaona phazi lotupa sindilimbana nalo ndekha ndi madzi ofunda. Ndimalemba m'buku la odwala tsiku lomwelo ndi kupempha kuti dokotala alione, pakuti kutupa komweko kumabweranso ndi mtima, impso kapena magazi oundana m'mwendo, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chakechake.